Tikambe Pambali

Graciete Mapossa anatsegula pasipoti ija n'kupukusa mutu. Masamba ake anali bii ndi zidindo: kutuluka Mozambique, kulowa Zimbabwe, kutuluka Zimbabwe, kulowanso Mozambique, zonsezo tsiku limodzi, mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri. Mwini wake, a Jokoniya Gwatidzo, mdala wa ku Mutare wa imvi mbuu, anaima pazenera chipewa chili m'manja.

Anthu otere pachipata pano timawadziwa. Wa ku Zimbabwe amalowa popanda viza, n'kupatsidwa masiku makumi atatu. Masikuwo akati athe, amaoloka malire, kumwa tiyi tsidya linalo, n'kubwerera ngati mlendo wofika kumene. Ena ali ndi magolosale ku Manica, ena amagula golide kumapiri. Ndipo sabata imeneyo bwana wa Graciete anali atakalipa kuti watopa nawo alendo osatsanzikawa.

"Madala, mukudzacheza kapena mumakhala kuno?" anafunsa Graciete.

"Ndikudzacheza, mwanangu."

"Zaka ziwiri? Okulandiraniwo ndi opirira ndithu. Bwanji osatenga chiphaso chokhalira m'dziko muno?"

"Ndinayesa. Mkazi wanga ndi wa kuno, koma amafuna kalata ya ukwati. Ife tinakwatirana kumudzi, ng'ombe zinapita, kalata panalibe. Ankhoswe onse anatsamira mkono."

"Ndiye mkaziyo ali kuti?"

Mdalayo anazengereza, kenako analoza panja ndi chipewa chake. Pabenchi yakukhonde panakhala mayi wachikulire wovala juzi yobiriwira, mpango womangidwa bwino, akudya nthochi mwakachetechete.

Akazi obwereka Graciete anali atawaonapo ambiri. Munthu amangopita pamsika, kusankha mayi wa nkhope yaulemu, kumugulira chitenje, ukwati watha. Mwezi watha wina analephera kutchula ngakhale dzina la mwamuna amene ankati wabereka naye ana anayi. Graciete anatuluka m'kachipinda kake, mzere wonse ukumutsata ndi maso.

"Mayi, bambo awa mukuwadziwa?"

Mayiyo anawayang'ana a Gwatidzo kuyambira kumutu mpaka kunsapato, mosafulumira.

"Awa? Ayi, sindikuwadziwa. Angondikweza minibasi m'mawa, n'kundigulira nthochi. Koma ndi aulemu."

Mzere wonse unafa ndi phwete. Dalaivala wina wa thiraki anakuwa kumbuyo kuti, "Mdala, nthochi zokha? Mukanaonjezako kankhuku!" A Gwatidzo sanatembenuke. Anayandikira Graciete, n'kutsitsa mawu.

"Mwanangu, nkhaniyi si yonena pagulu, iye akumva. Chonde, tikambe pambali."

Apo m'pamene anaononga zonse. Pachipata mawu akuti pambali ali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo Graciete anali atagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri osalandirapo ngakhale botolo la madzi. Anzake ankamunena kuti adzafa wosauka, iye n'kumanyadira. Tsono mdala wa msinkhu wa bambo ake amuyese wogulika pamaso pa anthu? Mtima unamuwawa kwambiri.

"Pambali mukakambe ndi anzanu. Ine zanga ndimakamba pano."

"Simunandimve, mwanangu. Ndikungofuna..."

"Ndamva zokwanira."

Anabwerera pazenera, n'kudinda chidindo chokana. Anauza mdalayo kuti abwerere kwawo, akakhale miyezi itatu, ndipo akadzabweranso adzabwere ndi mapepala, osati ndi zisudzo. Wapolisi anawagwira pamkono a Gwatidzo, ulendo wa kugeti. Mdalayo sanalimbane naye, mphamvu zake zinali zochepa. Ankangoyenda chotembenuka.

"Florinda! Ukhale pomwepo, usachoke! Mwanangu, m'thumba la juzi lake muli nambala, muimbe chonde!"

Mayi uja sanadzutse n'komwe mutu. Ankapinda khoko la nthochi bwinobwino ngati kansalu.

Ntchito inapitirira. Mathiraki a ku Beira anadutsa, amayi a mabelo a zovala anadutsa, dzuwa linafika paliwombo n'kupendeka. Graciete atatuluka kuti akadye, anapeza mayi uja ali pomwe paja, manja pamiyendo, maso kugeti. Zinamumvetsa chisoni. Umphawi ndi woipa, anaganiza motero, munthu wamkulu chonchi kubwerekedwa ngati mpando wapamaliro, mwinanso ndalama yobwererera sanamupatse.

"Mayi, sewero latha. Bwana wanu uja tam'bweza. Kwanu n'kuti ndikukwezeni minibasi?"

"Kwathu?" Mayiyo anakwinya nkhope, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wataya singano. Kenako anamwetulira. "Musavutike, achemwali. Ndikudikira mwamuna wanga."

"Mwamuna wanu weniweni? Abwera pano?"

"Ee, wangopita kukadinditsa pasipoti. Mwina munamuona, mnyamata wamtali, wa tsitsi lakuda, amagwira ntchito kunjanji. Jokoniya Gwatidzo. Tangokwatirana kumene chaka chino."

Graciete anagwira khoma. Mayiyo anasendera pang'ono pabenchi, kumupatsa malo.

"Khalani tidikire limodzi, sachedwa ameneyo. Sanandisiyepo ndekha."