Dzina la Wandende wa ku Burma

Mada anaika tiyi patebulo, maso ali pa chikwama cha mlendoyo. Mayi wa ku Japan ameneyu, Noriko, anachita kukwera sitima mpaka kwawo kwa Mada ku Romford, m'dziko la Angerezi, ataona pa intaneti dzina la bambo ake a Mada, a Masawo.

"Kwenikweni mukufuna chiyani?" Mada anafunsa m'Chingerezi, osamwetulira.

Noriko anatulutsa chithunzi cha msilikali wometa mpala. "Uyu ndi Masao, mchimwene wa agogo anga. Anagwidwa wamoyo ku Burma mu 1944, ndipo ankamulondera asilikali a ku Nyasaland omenyera nkhondo Angerezi. Kwathu sanabwerere."

A Masawo anaseka, n'kuyankha m'Chichewa. "Mada, uwauze kuti amene ankamulondera ndi bambo anga, anali mnzawo wapamtima. Ine nditabadwa ndinalira masabata atatu, mpaka bambo ananditcha dzina lakelo. Ndinatonthola tsiku lomwelo!"

Nkhaniyi Mada ankaimva pa Khirisimasi iliyonse, banja lonse likufa ndi phwete. Lero kapu inamulemera m'manja. Kwawo ku Ntcheu, khanda likamalira choncho amati mzimu wa wakufa ukufuna dzina. Koma agogo ake a Mada ankanena kuti mnzawoyo anamusiya ali bwinobwino, akuwabayibitsa pachipata cha ndende. Nanga ngati mnzawoyo anali wamoyo, agogowo anadziwa bwanji dzina loti atchule?

"Akuti chiyani bambo anu?" Noriko anafunsa.

Mada anayang'ana bambo ake, amene ankasekabe.

"Akuti imwani tiyi," anatero, "angazizire."