Mkamwini wa ku Bristol

Jhorna anaika thireyi ya tiyi patebulo, n'kukhala pomwe anamulozera. Maso pansi. Mpango kumutu. Pakhomo panali patakhala azakhali ake, ndipo azakhaliwo sanali munthu wosuntha.

Alendo anali atabwera kudzamuona. Mnyamata dzina lake Ruhel, mayi ake, ndi mkhalapakati wa ukwati, bambo wa mano ofiira chifukwa chotafuna masamba a pani. Ankati Ruhel anabadwira ku Bristol, ku England. Kwawo kwa Jhorna, ku Beanibazar, mawu amenewo amatha nkhani. Bambo ake a Jhorna anali atavomera kale mumtima. Akangogwirana chanza lero, sukulu ya unamwino yathera pomwepo. Jhorna akwera ndege ndi munthu amene sanamvepo ngakhale kuseka kwake.

Mayi a Ruhel anamuyendetsa Jhorna kuchokera pazenera kukafika pakabati kuti aone mayendedwe ake. Anamumasula tsitsi, n'kuliyeza ndi dzanja. Anamufunsa ngati amadziwa kuphika nsomba. Jhorna ankangoti inde. M'chipindamo munkatentha. Mnyamatayo sanadzutse mutu.

Amene anali asanalankhule ndi amalume ake a Jhorna, a Mosabbir. Anayendetsapo takisi ku England, mzinda uno ndi uwo, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Masiku onse ankadandaula kuti akathyali achuluka. Munthu amabwereka suti ndi galimoto mumzinda wapafupi wa Sylhet, n'kumati ndi wakunja. Mtsikana amadzadzidzimuka ali pamudzi wina wamatope.

A Mosabbir anasuzumira pakhonde pomwe alendo anavula nsapato. Panali zoyera, zothamangira, zatsopano.

"Mphwanga," anatero kwa Ruhel, "nsapato zansalu zija munkavala kusukulu pochita masewera, kwanuko mumati chiyani?"

Ruhel anayankha. Anati ndi keds.

Nanga chakudya chonyamula popita kusukulu? Anati tiffin.

A Mosabbir anatsitsa kapu pang'onopang'ono. Anayamba kuphunzitsa nyumba yonse. Azungu, anatero, Chingerezi n'chimodzi koma nsapato imeneyi satchula mofanana. Ku London amati plimsolls. Ukakwera kumpoto amati pumps. Mwana wa ku Bristol, ngakhale umudzidzimutse ali m'tulo, anena kuti daps. Koma keds? Tiffin? Amenewo ndi mawu a ana a konkuno, ongoyendayenda kuseri kwa msika.

"Bristol wake uti, bwana? Wa kumbuyo kwa depoti ya mabasi uja?"

Azakhali anaseka atagwira pakamwa. Mkhalapakati analumbira kuti banjali amalidziwa kuyambira agogo awo. Mayi a Ruhel anatembenukira mwana wawo, n'kumuuza chokukuta mano kuti alankhule Chingerezi chake anthu amve. Ruhel anatulutsa mawu awiri atatu, opindika ngati a wogulitsa matikiti. Mayiwo anati abweretsa mapepala. A Mosabbir anati mapepala amasindikiza pamsika, ngakhale mbuzi itha kukhala nawo.

Bambo ake a Jhorna anaimirira. Nkhope inali itagwa.

"Tiyi mwamwa. Muyende bwino."

Chipinda chinayamba kupuma. Azakhali anachoka pakhomo paja kukauza anthu kukhitchini. A Mosabbir anabwerezanso nkhani yonse kwa mlamu wawo, ulendo uno akuwonjezera mizinda ina. Jhorna anasonkhanitsa makapu. Lolemba abwerera kusukulu. Koma mtima unamuwira. Pang'onong'ono akanaperekedwa kwa wakuba, bambo ake akumwetulira.

Jhorna anafika pazenera. Mayi aja anali kale pageti, akukalipira mkhalapakati. Ruhel anali atakhala pakhonde, pansi pa zeneralo, akumanga zingwe za nsapato.

"Mulibe manyazi inu?" Jhorna ananong'oneza.

Mnyamatayo sanayang'ane m'mwamba.

"Ku Bristol ndinabadwirako ndithu, achemwali. Mafunso a amalume anuwo tauni yonse imawadziwa. Mayankho olakwikawo ndachita kuphunzira dala kwa dalaivala wathu." Anakoka chingwe chachiwiri. "Pasipoti yanga asunga amayi, akuti ndidzaiona ndikakwatira. Inu mwapulumuka. Ine mawa akunditengera kunyumba ina, ndipo akuti kumeneko kulibe amalume."