Tchipisi cha Ezra pa Lirangwe

"Ine Brave ndathana naye, ndipo sindidzagwadiranso mwamuna," anatero Ezra, akudziguguda pachifuwa pakati pa msika wa Lirangwe.

"Tsitsani mawu achimwene, anthu angamve," anatero Nellie, mchemwali wake. Ndi iye yekha amene ankadziwa kuti anyamata awiriwa sankangothandizana lendi ku Chileka kuja.

"Amve! Zaka zitatu ndikumuchapira, kumuphikira, kumupepesa iye atalakwa. Ankati popanda iye ndine chitsa. Lero chitsa chanyamula chikwama."

"Kachitatu aka mukuthawira kwathu. Akangoimba foni mubwerera."

"Ndamubuloka. Kuyambira lero ndiziganizira za ine ndekha."

Anaima pachiwaya. Ezra anaitanitsa tchipisi mokweza ngati bwana wa pabwalo la ndege.

"Tithire tsabola, bigi?" anafunsa wokazinga.

"Ayi, musathire. Amamuwotcha m'mimba."

Nellie anangoluma mlomo, poti mchimwene wakeyu anakula akutafuna kambuzi ngati mtedza. Wokazinga anasuzumira kumbuyo kwa Ezra, kenako kumbali, supuni ya tsabola ili m'manja.

"Amamuwotcha ndani, bigi? Simudya ndinu kodi?"