Mngelo M'madzi Osefukira

Maselina anali atalowa m'makalasi onse a sukulu ya pamtunda, ndipo tsopano anayambiranso kalasi yoyamba. Mudzi wonse unali utathithikana m'menemo. Anthu anali onyowa, ena atanyamula mikeka, ena tiana ta nkhumba. Iye ankangosuzumira nkhope za ana. Mwana wake Apaula, wa zaka zisanu ndi chimodzi, sanali pakati pawo.

Mtsinje unasefukira masana dzuwa likuwala, mvula itagwera kumapiri. Nthawi imeneyo Apaula anali kuholo ya tchalitchi, pafupi ndi mlatho, kumene achinyamata ankayeserera sewero la Pasaka. Analipeka ndi mayi busa: Mngelo ndi Mdyerekezi akulimbirana mzimu wa mayi wina wamasiye. Ana aang'ono ankaimba nyimbo za pakati pa sewerolo.

Mngelo anali Ropati, mwana wa dikoni, mnyamata wa mawu ofewa amene mayi aliyense ankamulakalaka kuti akhale mkamwini wake. Anamusokera mkanjo woyera, mapiko a nthenga za nkhuku ndi kansalu kophimba kumaso. Za Mdyerekezi panalibe kuvutika posankha. Anapatsa Faleao, yemwe zaka zapitazo, ataledzera, anatema mlongo wake wa Maselina ndi chikwanje mpaka kumulumaza dzanja. Atatuluka kundende anayamba kupemphera, koma ankakhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni.

"Ameneyo musamutopetse ndi zoyeserera," amayi ankatero akuseka. "Angobwera mmene alilimo."

Faleao ankaseka nawo, kenako n'kuwerama. Maselina sankaseka. Anachenjeza Apaula kuti munthuyo akangomuyandikira, athawe.

"Takhalani pansi, amake Apaula," anatero Taupule, mnzake woyandikana naye nyumba. "Imwani tiyi, mwazizidwa."

"Ndimwe tiyi mwana ali m'madzi?"

Anatulukira pakhonde. Kumunsi madzi ofiira anali kukokolola nthochi, malata, ngakhale furiji ya munthu wina. Pa holo panangotsala denga. Maselina anayamba kutsetsereka, amuna awiri anamubweza. Anagwada kuti apemphere, mawu anamukanika. Anadzuka, anazungulira sukulu, anabwereranso pakhonde pomwepo.

Mayi busa anali kuitana mayina a onse amene anali kuholo. Ana atatu sanayankhe.

"Faleao nayenso sakuoneka," wina anatero.

"Ameneyo? Wathawira kutchire yekha," anayankha Maselina. "Madzi satenga anthu otero. Amatenga ana athu."



Dzuwa litapendeka kunamveka kufuula kumunsi. Amuna amene anapita ndi chingwe anali kukwera mtunda, atatu a iwo atabereka ana. Maselina anathamanga, anaterereka m'matope, anadzuka n'kuthamanganso. Apaula anali moyo. Milomo inali itatuwa, koma anali moyo.

"Tawapeza mumtengo wa mango uja kuseri kwa holo," anatero mmodzi wa amunawo. "Onse atatu, omangiriridwa kunthambi."

M'chiuno mwa mwanayo munali mukadali nsanza ya nsalu yoyera, mfundo yake yolimba moti anachita kuidula ndi mpeni.

"Wakumanga ndani, mwanawe?"

"Mngelo, amayi." Mano a Apaula anali kugundana. "Anatikweza mmodzimmodzi. Madzi anali m'khosi mwake. Phiko limodzi linathyoka. Anang'amba mkanjo wake n'kutimanga, ndiye anati tiimbe nyimbo yathu ija mokweza, tisayang'ane pansi."

"Kenako?"

"Titamaliza nyimbo ndinayang'ana. Panalibe."

Maselina anaganiza za Ropati. Mwana wa eni wafera mwana wake! Akawauza chiyani adikoni?

Koma Taupule anamugwira paphewa. "Musalire, anzanga. Ropati watuluka. Si uyo ali pakona apo?"

Analidi pomwepo, atafunda bulangete, mutu uli pakati pa mawondo. Mapiko analibe, mkanjo analibe, ndipo Maselina anadziwa chifukwa chake. Anapereka mwana kwa Taupule, anadutsa pakati pa anthu akuponda mikeka yawo, nagwada pamaso pa mnyamatayo. Anagwira mapazi ake ozizira. Pemphero limene linamukanika lija tsopano linatuluka lokha. Anathokoza Mulungu amene sasowa anthu ake abwino pa tsiku loipa. Amayi ena anayandikira akuvomereza, wina anayambitsa nyimbo.

"Mwana wanga, ndikupatse chiyani ine?" anatero Maselina misozi ili chuchuchu. "Sanalakwitse amene anakusankha kukhala Mngelo."

Ropati anabweza mapazi ake. Sanakweze maso.

"Dzukani, mayi, chonde. Ine ndinatulukira pawindo madzi atangolowa. Sindinacheuke n'komwe."

"Usadzichepetse. Mwana wandiuza zonse, za mapiko, za mkanjo."

"Mkanjowo ndinali nditavula," anatero Ropati. "Tinali pa gawo limene Mdyerekezi amadzizimbaitsa ngati mngelo kuti anyenge mayi wamasiye uja. Amene anavala zoyera ndi Faleao."