Wopanda Mchira pa Maliro

Padangokhala, kalelo Munthu ankamwa pachitsime chimodzi ndi nyama. Tsiku lina mwana wake adamwalira, ndipo nyama zidasonkhana pasiwa. Munthu adangokhala duu, m'maso muli gwa.

Nyani adakodola Galu. "Achimwene, mnzanuyu wadya yekha mwana wake. Ndi mfiti, timuthamangitse."

"Akumva chisoni," adatero Galu.

"Chili pati? Inu mukakhumudwa mumapinda mchira. Nungu akakwiya amaimika minga. Nanga uyu akuonetsa chiyani?"

Galu adamuyang'anitsitsa Munthu. Mchira adalibe, makutu ake sankagwa, ubweya woti n'kuima padalibe. Chisonicho chidalibe potulukira. Galu adangopita n'kukatsamiritsa mutu pamwendo pa Munthu.

Pomwepo chimene chidadzaza m'chifuwa mwa Munthu chidasefukira m'maso, madzi chuchuchu mpaka kudonthera pamphuno pa Galu.

"Ndi utsi umenewo," adatero Nyani.

Nyama zonse zidacheukira kumoto. Udali utazima kalekale, ndipo Munthu sadathamangitsidwe.

Mpaka lero, poti mchira alibe, munthu chikamukulira mumtima, chokoma kaya chowawa, amagwetsa misozi kuti anzake aone. Koma Nyani akadaumirirabe kuti udali utsi. Nthano yathera pamenepa.