Katupe wa a Fakiri

Tandiuzani, inu odziwa zambiri: kamwana kakuda bii, kochepa ngati nsabwe, koma kakalowa m'kamwa mwa mwamuna, chifuwa chimatukumuka ngati cha nkhukundembo. N'chiyani? Mwagwa nayo. Ndi habati soda, tinjere tija amabwera nato amalonda a ku Zanzibar, tomwe akuluakulu amati timatsuka poizoni m'thupi.

A Fakiri a ku Chia sankasiyana nato. Zinali zaka zija matipate atangobwera, aliyense wokhala ndi jekete akufuna mpando. Iwo ankafuna utcheyamani wa chipani m'dera lonselo. Tsikulo anthu anasonkhana patsinde pa mango kuti aime kumbuyo kwa amene akumufuna, a Fakiri kapena a Swaibu a golosale.

"Ndale za lero n'zodyetsana," anatero a Fakiri atakwera pabenchi, mkanjo woyera uli mbuu, jekete pamwamba. "Mukasankha Swaibu, mwezi uno sutha musanamukumbire manda. Ine adandithirira ndulu ya ng'ona mu tiyi, ndidangogeya. Tinjere iti! Lero muone ndi maso anu. Ndimwa katupe."

Azimayi anagwira pakamwa. Paja katupe ndi chitsamba chija asodzi amasinja n'kuthira padziwe, nsomba zonse n'kuyandama mimba zili m'mwamba.

Tsono inu sunthirani kuno ndikunong'onezeni. Dzulo lake bambowa anali atalamula akazi awo, mayi Safiya, kuti asinje nkhwani n'kufinyira m'chikho, bola madziwo abiriwire. Mayiwo anavomera. Kenaka anafunsa ngati zinali zoona zomwe zinkamveka padooko, zoti mpando ukapezeka iwo apirikitsidwa, m'nyumba mulowe kamtsikana ka ku Boma. Yankho linali chibakera cha padiso.

"Tcheyamani angayende ndi mkazi wonunkha usipa?"

M'mawa mwake anthu anawaona mayiwo akuchokera cha kudambo komwe kumamera katupe, diso limodzi litatsekeka, kanthu atamanga kunsonga ya chitenje.

Ndiye pamsonkhanopo mayiwo anafika nacho chikho, n'kugwada mwaulemu wonse.

"Imwani, bambo. Ndasinja ndi mtima wanga wonse."

A Fakiri anaponya tinjere m'kamwa, n'kutafuna moti aliyense amve. Anati bisimila, chikho pakamwa, gwa, gwa, gwa, mpaka pakati. Kenaka anaima.

Kuwawa. Kuwawa kofika kumsana. Kodi nkhwani umawawa?

Anayang'ana akazi awo. Diso lotsala lija linali pa iwo, osaphethira, ndipo mayiwo ankamwetulira.

Thukuta linati kamukamu. Anatula chikho pabenchi, kenaka khu! pansi.

"Yandipha! Mfiti iyi yandipha!"

"Onjezani tinjere, achimwene," anatero a Swaibu mokoma mtima. "Kapena tachepa?"

"Tinjere tachiyani! Tinapangana nkhwani! Nkhwani, anthuni! Za ndulu zija lidali bodza, sindidamweko ine. Ndinyamuleni, chipatala!"

Chipatala chili kutali, ndipo anthu a ku Chia ndi achifundo. Amuna amphamvu anawakhalira pamiyendo, wina n'kuwatsina mphuno. Anawathira mazira aawisi m'kamwa. Anathira madzi a phulusa. Mayi wina, amene mbuzi yake a Fakiri adaithyola mwendo chaka chatha, anabwera ndi madzi a sopo odzaza ndowa, akuti populumutsa moyo wa munthu saumira. Potsiriza nthenga ya nkhuku kukhosi. Jekete linalandira zake. Posakhalitsa nako kumunsi kunatsekuka, mkanjo uja n'kusintha mtundu, anthu n'kuyamba kuthandiza ataima chapatali.

A Fakiri analira ngati mbuzi ya pa Idi. Anaitana mayi awo omwe adamwalira kalekale. Ashehe atafika, a Fakiri anawagwira mwendo, akupempha kuti awawerengere msanga mawu otsiriza.

Nthawi yonseyi mayi Safiya anali khale pamchenga, miyendo atatambasula, akutola tizinyalala pachitenje.

"Mumangeni mkaziyo!" anakuwa mlongo wawo wa a Fakiri. "Wapha munthu dzuwa likuswa mtengo! Chingwe chili kuti?"

Chingwe chinabwera. Mayiwo anadzuka mosafulumira, anatenga chikho chija, n'kugugudiza zotsalazo mpaka dontho lomaliza. Anapukuta pakamwa.

"Nkhwani womwewo munandituma, bambo. Ndangotsinirako masamba owawa aja a mtengo wa nimu, paja mumati ndiwo zanga sizimveka kukoma."

Phwete loyamba linachokera kwa ashehe, kenaka bwalo lonse linagwa nalo, ena mpaka kugubuduka pamchenga. Pomwe ankawerenga mizere, kumbuyo kwa a Fakiri kunali ntchentche zokhazokha.