Mapiritsi a Mtima

"Imirirani osagwira mpando," anatero dokotala.

Kalipentala anayesa kawiri, ntchafu zikunjenjemera, n'kungokhalanso pansi.

"Ndi mapiritsi ochepetsa mafuta m'magazi aja," dokotalayo anafotokoza. "M'minofu muli tinthu ting'onoting'ono tokhala ngati timbaula, ndi timene timapanga mphamvu. Mwa anthu ena ochepa, mankhwalawa amatizimitsa, minofu n'kuyamba kuwonongeka. Muwasiye lero lomwe."

"Ndikasiya, mphamvu zibwerera?"

Dokotala anayang'ana kumbali. "Mwachedwa kubwera, bambo, sindingakulonjezeni. Koma mtima wokha uli ngati wa mnyamata."

Kunyumba, mkazi wake ankamudikirira pabedi. Chichitikireni ngozi ya galimoto imene inamupha miyendo, ndi kalipentalayu amene ankamunyamula kupita kubafa ndi kuchimbudzi, ndipo panalibenso wina. Dzulo lake anatsala pang'ono kumugwetsa, iye n'kunamizira kuti pansi pamaterera. Mkaziyo ndiye ankamukakamiza mapiritsiwo m'mawa uliwonse. "Imwani, amuna anga," ankatero. "Mukatsogola inu, andinyamula ndani?"

Kalipentala analowa m'chipinda n'kutsamira chitseko, akupumira m'mwamba.

"Ati chiyani adokotala?" mkaziyo anafunsa.

Mwamunayo anayang'ana botolo la mapiritsi patebulo, kenako nkhope ya mkazi wake. "Ati mtima uli bwino zedi."

"Mwaonatu! Paja mumati ndimalongolola. Pakanapanda ine bwenzi titakuikani kalekale." Mkaziyo anaseka, n'kukankhira bulangete kumbali. "Tabwerani mundinyamule, ndapanikizika kuyambira m'mawa."

Mkaziyo anatambasula manja onse awiri.